Liwiro la Malume Barnaba

Chaka chatha chiwaikireni m'manda malume Barnaba. Abale andiuza kuti ndilembepo kanthu, poti ndine mwana wa mlongo wawo ndipo ndinkakhala nawo pafupi ku Mbungo, pachilumba pathu pano. Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Zolembalemba si zanga. Ndalola, koma ndawachenjeza kuti sindipaka laimu pakhoma long'aluka.

Anali aatali, owonda, oyenda ngati asiya moto kunyumba. Popita ku Chipyela palibe amene ankafuna kutsagana nawo, chifukwa unkafika uli wefuwefu iwo akukudikira ndi nkhope yonyansidwa. Kutchalitchi ankamaliza nyimbo anzawo akadali pakati, kenaka n'kumayang'ana uku ndi uku ngati wolakwa ndi mpingo. Tiyi ankamutsanulira m'makapu awiri mobwerezabwereza kuti azizire msanga. Chinangwa chikaviikidwa ankafuna chivuulidwe chisanafewe. Akazi awo, mayi Sesiliya, ankangowayankha kuti akachiuze chinangwacho okha.

Ku Joni anapita ali mnyamata, monga anachitira bambo awo. Anayamba ndi kusamalira maluwa pa nyumba za anthu. Kenaka anapeza ntchito yosesa m'shopu yokonza makompyuta. Mwini shopu ataona kuti manja awo ndi osachedwa, anawapatsa sikuludiraiva. Anakhala kumeneko mpaka imvi. Tsiku lomwe anatsika sitima ya pamadzi pobwerera kwathu, anthu anathamangira kukaona katundu. Amuna ena ochokera ku Joni kapena ku Halale ankabwera ndi malata, makina osokera, ena injini ya boti. Iwo anali ndi katoni imodzi yokulungidwa m'mabulangete, ndipo sanalole munthu kuisenza.

Mayi Sesiliya ataona zomwe zinali m'katonimo anati, "Zaka zonsezi, bambo, mwandibweretsera bokosi lolira ngati njuchi?"

"Limeneli likugulira malata."

"Mvula ikagwa tizifunda lomwelo."

Malata anawaguladi. Zimenezo ndisabise. Ankalowetsera anthu nyimbo m'makhadi a foni, kutayipa makalata, ndi kujambula maukwati pa kamera n'kuwaika pa disiki. Kwa zaka zingapo khonde lawo silinkasowa anthu.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi. Ankati opanga makina amawamanga ngati mbuzi pa chingwe chachifupi, kuti ukatopa ndi kuchedwa kwake ukagule ena, ndipo munthu wanzeru amatalikitsa chingwecho. Ku Joni ntchito imeneyo ankaitcha ovakiloko. Ife tinkangoti malume akumasula mbuzi. Akayatsa kompyuta ankagogoda batani limodzi mofulumira ngati nkhuku yojompha mpunga. Pasikirini pankabwera tsamba labuluu lodzaza manambala, lomwe ankati bayosi. Mmenemo ankakweza nambala ya purosesa, n'kuwonjezera pang'ono mphamvu ya magetsi yolowamo, kenaka n'kufupikitsa nthawi imene memore imapuma. Akatero ankazimitsa, n'kuyatsanso, n'kutchera khutu.

Anandifotokozera m'chinenero cha ntchito yanga, chifukwa ankati mutu wanga ndi wa simenti. Purosesa ndi mmisiri, memore ndi wopatsira njerwa. Ukamufulumizitsa mmisiri amatuluka thukuta, umaona, umamukupiza. Akalephera amagwa pansi, ntchito n'kuima, aliyense n'kudziwa. Koma ukamufulumizitsa wopatsira njerwa, sadandaula. Amangopereka njerwa yosweka mwakachetechete, mmisiri n'kuimangira m'khoma. Choncho, ankatero, ukakweza manambala usagwire ntchito ya munthu tsiku limenelo. Usiye makina adziyese okha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo pakaoneka mzere wofiira ngakhale umodzi, bwerera m'mbuyo. Lamulo limeneli analitenga kwa bwana wawo wa ku Joni, ndipo ankalilalikira kwa aliyense wokhala pakhonde, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Kutentha ndiye kunali mdani wawo. Chivundikiro cha m'mbali mwa kompyuta anachichotsa kalekale. Anaimika fani ya patebulo moyang'ana m'mimba mwa makinawo. Anandilamula kuboola khoma kuti mpweya wotentha uzitulukira panja, ndipo ndinaboola. M'nyengo yotentha ankapachika chiguduli chonyowa pazenera. Kawirikawiri ankagwira chitsulo cha pamwamba pa purosesa ndi kuseri kwa chala, monga mayi woyesa mwana malungo.

Sanalekere pa kompyuta. Msodzi wina wa ku Yofu anawapatsa injini ya boti kuti aikonze. Iwo anaikonza, n'kuimasulanso. Nyengo imodzi boti limenelo linkasiya anzake onse. Kenaka injini inafera pakati pa ulendo wa ku Chizumulu, amuna n'kubwerera ndi nkhafi manja atatupa. Msodziyo atabwera kudzakalipa, malume anati vuto ndi petulo wa kutsidya ku Kobwe, ndi wosakaniza. Anakangana mpaka mawu kusasa. Sindinawamvepo malume akunena kuti chinthu chawonongeka chifukwa cha iwo. Nthawi zonse pankapezeka petulo, fumbi, mphepo, kapena munthu wina.

Achinyamata a masiku ano anawadziwa atasintha. Anawadziwa ngati mkulu wokhala pa benchi yakumbuyo kutchalitchi, wotuluka nyimbo yomaliza isanathe. Akafuna kupita kumsika ankazungulira kumiyala kuti asadutse ku Khuyu. Ana ankawakuwiza kuti a Magetsi. Mpaka lero mandasi akapserera, kapena ukonde ukabwera wopanda kanthu, munthu amati ndi magetsi, anzake n'kuseka. Ambiri oseka sadziwa kumene mawuwo anachokera. Ine ndimadziwa. Pulasitala wanga akang'aluka pang'ono, mwini nyumba amandiyang'ana n'kufunsa ngati nawonso ndi magetsi. Chilumba chathu n'chaching'ono. Manyazi alibe kothawira, umakumana nawo pa njira iliyonse.

Mawuwo anachokera pa maliro a mayi Agnesi a ku Khuyu, azakhali a mkazi wanga. Anali ndi ana awiri. Marita anali pakhomo. Lukasi anali ku Joni wopanda mapepala, ndipo akanatuluka sakanabwereranso ku ntchito. Ngakhale akananyamuka, thupi silikanamudikira m'kutentha kuja. Anaimba foni kwa mlongo wake akulira. Anapempha chinthu chimodzi, kuti amujambulire zonse, makamaka nkhope ya amayi ake pa nthawi yoona nkhope. Masiku amenewo mafoni athu anali oyankhulira ndi kumvera nyimbo basi, ndipo netiweki sinkanyamula zithunzi zoyenda. Kamera inali ya malume.

Anajambula bwino. Ndinawaona. Anavula nsapato polowa m'nyumba ya siwa, anagwada pafupi ndi bokosi, kamera sinagwedezeke. Kumanda anakwera pamwala kuti asaphonye kanthu. Tsiku limenelo sanafulumize munthu.

Mawa lake sitima inkanyamuka masana, ndipo munthu wina wa ku Mbamba wobwerera ku Joni anavomera kutenga disiki. Sitima ikapita, ina ndi sabata yamawa. Kuti zojambula zilowe pa disiki, kompyuta inkayenera kuziphika kaye, ndipo kuphikako kunkatenga nthawi. Magetsi a jenereta nawonso ankazima masana. Ine m'mawa umenewo ndinkakonza sitepe ya pakhonde pawo. Ndinawamva akung'ung'udza kuti sizitha. Kenaka ndinamva kugogoda kwa batani kuja. Nditasuzumira ndinaona tsamba labuluu. Anakweza purosesa. Anakweza mphamvu. Memore anaifinya kufika pomwe anali asanafikepo.

"Malume, si paja mumati mukakweza muziyesa kaye?"

"Sitima idikira mayeso akowo?"

"Lukasi angadikire sabata ina. Maliro achitika kale."

"Munthu akulira yekha kuchilendo, iwe ukuti sabata ina? Pita ukaponde matope ako."

Ndinapita. Fani inalira, chipinda chinanunkha fumbi lopserera, koma makina sanagwe. Anamaliza magetsi asanazime. Malume anatuluka akuseka, disiki ili m'manja, n'kundionetsa ngati nsomba yaikulu.

Marita anafika ali ndi mpango wakuda kumutu.

"Malume, tingaoneko pang'ono isanapite?"

"Mwanawe, ukufuna kulira kawiri? Ntchito yanga sayesa. Thamanga, boti lopita kusitima likudzaza."

Anathamanga. Madzulo ake malume anafufuta zojambula zoyambirira m'kompyuta chifukwa malo anali atachepa, n'kusunga zophikidwa zokha. Khadi ya kamera inali imodzi, ndipo Loweruka kunali ukwati ku Yofu. Anaifufutanso, n'kujambulapo ukwatiwo.

Amuna a kwathu okhala ku Joni ali ndi mwambo wawo. Kumudzi kukagwa maliro amasonkhana m'chipinda cha woferedwa Lamulungu, n'kupemphera ndi kuimba nyimbo za kwathu. Lukasi anachedwetsa mwambowo kuti disiki ifike. Anabwereka wailesi yakanema, anaitana anthu, chipinda chinadzaza. Zomwe zinachitika anatiuza ndi amene analipo. Poyamba zinkaoneka bwino: njira ya ku Khuyu, amayi atasenza nkhuni, mtengo wa mlambe. Kenaka chithunzi chinayamba kusweka kukhala timabokosi tobiriwira ndi tofiirira. Mawu a wansembe ankang'ambika. Atafika poona nkhope, chithunzi chinauma, timabokosi tokhatokha, kenaka chinalumpha mpaka pomwe adzukulu akutsuka makasu. Lukasi anabweza, n'kubwezanso. Mkulu wina anayambitsa nyimbo kuti aphimbe chete amene anali m'chipindamo.

Foni itabwera, malume anati disiki inakalika m'sitima. Atauzidwa kuti ilibe ndi kachipsera komwe, anati makina a ku Joni ndi achabechabe. Pamenepo Marita anabwera ndi akuluakulu awiri a kubanja kwawo kuti aone zomwe zinatsala m'kompyuta. Ine anandiitana ngati mkamwini wawo. Ndinakhala pakati, uku malume, uku akuchikazi.

Malume anayatsa molimba mtima. Njira. Nkhuni. Mlambe. Kenaka timabokosi tija, malo omwewo. Marita anadzuka pa mpando, anayandikira sikirini mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anayendetsa chala pa timabokosito.

"Amayi ali pati apa?"

Anatembenukira kwa malume.

"Malume, ndikufunsa. Amayi ali pati?"

"Ndi magetsi," anatero malume. "Magetsi a pachilumba pano sakhazikika. Amakwera, amatsika. Makina angatani?"

"Nanga zoyambirira zija?"

"Zinafufutika."

"Zinafufutika zokha?"

"Ndati ndi magetsi."

Mkulu mmodzi anatola chipewa chake. Sanakalipe. Anangoti zikomo, tamva, n'kutuluka. Ine ndinayang'ana pansi, pa simenti imene ndinaitsira ndekha. Ndinalakalaka itang'ambika ndilowemo.

Alendo atapita ndinawauza.

"Malume, si magetsi. Ndi njerwa yosweka ija. Munandiphunzitsa nokha."

"Iwe wa sitandade faifi undiuze za kompyuta?"

"Sindikunena za kompyuta. Ndikunena za ku Khuyu. Pitani mukagwade."

"Tuluka. Pakhomo pano usadzapondenso."

Mayi Sesiliya anali pakhomo la khitchini. Anati, "Bambo, mawu ake ndi amodzi, pepani. Ngati akukulemerani ndikunyamulirani mpaka ku Khuyu, inu mukangowatula."

Anawayang'ana, n'kulowa m'chipinda chawo, n'kutseka.

Sanapite. Ine ndinapita ndi mkazi wanga, ndinagwada, ndinapepesa m'malo mwawo. Anandilandira mwaulemu, koma anandiuza kuti wonyamula kamera sindinali ine. Zinali zoona. Kuyambira pamenepo ine ndi malume tinkangopatsana moni wa pamsewu. Denga lawo litadontha ndinakwera n'kukonza, iwo ali m'kati, osalankhulana.

Zomwe ankachita m'chipindamo ndinazimva kwa mayi Sesiliya. Anatsitsa manambala onse, mpaka pansi pa mlingo wa opanga. Kompyuta inayamba kuyenda ngati nkhalamba. Makasitomala anatopa, ndiye mafoni atsopano anabwera, khonde linauma. Iwo m'mawa uliwonse akamwa tiyi ankatsegula maliro aja. Ankaimitsa, n'kusuntha pang'ono, n'kuimitsanso, kufunafuna chithunzi chimodzi choyera pakati pa timabokosi. Anapezamo zingapo: dzanja la munthu pa bokosi, nkhata ya maluwa, mapazi a adzukulu. Nkhope sanaipeze. Mayi Sesiliya ankati nyimbo zong'ambika zija anazizolowera mpaka ankaziimba potsuka mbale, ndi malo ong'ambika omwe.

Patapita zaka Lukasi anabwera kudzamanga chiliza cha amayi ake. Womanga ndinali ine. Tinali kumanda m'mawa, ine ndikusalaza simenti, iye atakhala pamwala, Marita akutunga madzi. Ndinaona munthu akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo. Sindinawazindikire msanga, chifukwa ndinali ndisanawaonepo akuyenda chotero. Miyendo inali itatupa. Kuchokera ku Mbungo ayenera kuti ananyamuka kusanatenthe.

Lukasi anaimirira. Sanapereke dzanja.

Malume sanapereke moni wautali. Analoza ndi ndodo n'kuyamba. Anati bokosi linalowera mbali iyi, chifukwa njira ya kumtunda inali ndi minga. Anatchula amene ananyamula kutsogolo ndi amene ananyamula kumbuyo. Anatchula nyimbo yoyamba ndi mayi amene anaiyambitsa mokweza kwambiri mpaka amuna analephera kutsatira. Anati wansembe anaima apa, mphepo inkatembenuza masamba a buku lake, katekisiti n'kuwagwira ndi chala. Chingwe cha kumiyendo chinaterereka pang'ono, mdzukulu wina n'kuchigwira ndi phazi. Marita anaponya dothi kawiri, kachiwiriko anati n'kwa mlongo wake. Anati mayi Agnesi anavala diresi loyera la kutchalitchi, ndi mpango womangidwa mfundo kumanzere, ndipo pakamwa panali ngati pa munthu amene wamva nkhani yoseketsa koma akudziletsa chifukwa ali m'tchalitchi.

Sanafulumire. Ine simenti inandiumira pa chipande chosalazira. Marita anatula ndowa n'kukhala pansi.

Atamaliza, Lukasi anafunsa.

"Anali magetsi?"

Malume anatsamira ndodo yawo.

"Sanali magetsi. Ndinakweza manambala. Sindinayese."

Ndinadikira mawu ena aja, a pepani. Sanabwere.

"Nkhope yawo munaiona bwino?" anatero Lukasi.

"Ndinaiona."

"Ine ayi."

Anatola ndowa ya mlongo wake n'kupita kukatunga madzi. Malume anaima pang'ono, kenaka anatembenuka. Ndinasiya chipande n'kuwaperekeza. Pokwera kamtunda ka pafupi ndi kwawo anandigwira phewa, ndipo sanalisiye mpaka pakhomo.

Anakhalako nyengo ziwiri za mvula. Anamwalira masana, atakhala pa mpando. Pa maliro awo Marita anabwera, anakhala ndi amayi anzake, anaimba nawo. Lukasi anauzidwa pa foni. Sanatumize mawu. Sindimuimba mlandu.

Ena m'banja akufuna ndilembe kuti malume anabweretsa chitukuko pachilumba. Mwina anabweretsadi. Ena akufuna ndinene kuti anafa atayanjana ndi anthu onse. Zimenezo sindilemba. Anali munthu wodziwa ntchito yake, wosafuna kuona mnzake akudikira, ndipo anaphwanya lamulo lake lomwe tsiku limodzi lokha limene silinkayenera kuphwanyidwa. Kenaka anatenga zaka kuti anene zoona, ndipo ananena theka. Ndinkawakonda. Ndikamva dzina lawo pagulu ndimayang'anabe pansi.

Dzulo ndinapita kukaona mayi Sesiliya. Chipinda chija tsopano amasungiramo ufa wa kondowole ndi nkhafi za mdzukulu wawo. Mpando anaupereka kwa oyandikana nawo. Mawaya anakulungidwa n'kupachikidwa pa msomali. Pakona patsala tebulo, ndipo pa tebulopo pali kompyuta, yofunditsidwa chitenje. Mnyamata wina wa ku Mbamba anafuna kuigula kuti achotsemo zipangizo, koma atamva zomwe zili m'katimo anabweza mawu. Marita anafunsidwa ngati angaitenge. Anakana, komanso anati isatayidwe. Mayi Sesiliya sadziwa kuiyatsa, ndipo salola wina kuyesa. Amati muli maliro a eni ake, sangawaponye kudzala.

Amasesa mozungulira tebulolo m'mawa uliwonse. Polowa kukatapa ufa amatsitsa mawu.